Mlamba wa ku Lingadzi m'thanki ya bwana

Ndivomere msanga: mlamba uja ndinauikamo ndine, ndipo mpaka lero sindinapepese.

Fizi ya Fomu 3 itasowa, ndinachoka ku Mitundu kutsatira amalume, amene anali khukhi kwa mzungu wina ku Area 10. M'makalata opita kumudzi ndinkati ndine kalaliki mu ofesi. Ofesi yakeyo inali thanki yagalasi pabalaza, yodzaza nsomba zakunyanja zotchedwa mbuna, zabuluu ndi zachikasu.

Ntchito yowawa bwanji! Kusintha madzi, kupala ndere pagalasi, kutsuka miyala ya laimu yoti madzi azikhala ngati akunyanja. Nsomba zinkadya chakudya chochokera kunja, ine ndikulandira makwacha asanu ndi atatu, asanu n'kutumiza kwa amayi. Wocheza naye panalibe, mipanda ndi agalu basi.

Bwana anagula ku Joni tinsomba tandevu toti tizidya zinyalala pansi pa thanki. Mbuna zinatiluma mpaka tonse tinafa, koma wokalipiridwa ndinali ine.

"Amalume, nsomba yandevu yoti mbuna zingaiope ndikuidziwa."

"Usayerekeze, mphwanga. Ntchito imeneyi ndinachita kukupemphera."

Bwana atapita ku Salima, ndinatsikira ku Lingadzi ndi mbedza. Ndinakola mlamba wotalika ngati mkono wanga n'kukauponya m'thanki muja. Tsiku loyamba unabisala kuseri kwa miyala mwaulemu ngati mlendo. Pofika Lachitatu, pa mbuna makumi awiri panatsala zitatu.

"Zinyalala zatha, bwana," ndinatero atabwera.

Amalume anagwada pansi, ntchito yawo inapulumuka. Ine bwana anandipatsa ndowa, mlamba uli momwemo. "Malipiro ako a mwezi uno ndi amenewa. Choka!"

Kudepoti ku Old Town, anyamata ofunsa makadi a chipani anasuzumira m'ndowamo, anaseka mpaka kuiwala kundifunsa langa.

Ndinafika kumudzi nditakonza bodza latsopano. Amayi sanandipatse mpata.

"Akalaliki afika! Amalume ako anatiuza kalekale kuti umatsukira nsomba chimbudzi. Makalata ako tinkangowerenga kuti tiseke."

Miyezi yonse ija ndikuvutika kupeka nkhani usana wonse, mudzi unkadziwa kale.

Abambo anagamula kuti mlamba uphikidwe, koma ine ndisalawe ngakhale msuzi. Ndinadyera nkhwani, ndikuwayang'ana akunyambita zala. Sizinandiwawe ayi. Pa Mitundu ponse, ndani wina anadyetsapo banja lake mbuna za mzungu khumi ndi zisanu ndi ziwiri m'poto mmodzi?