Kaliyala wa Bambo

Lero njinga ya matemba yandidutsa pamsewu, fungo lake n'kundibwezera kubwalo la mpira kwathu ku Entre Lagos. Kumeneko aliyense womwetsa chigoli ankamuzungulitsa bwalo atakhala pakaliyala wa njinga ya bambo anga, yomwe ankagulitsira nsomba.

Tsiku lina zidamveka kuti katswiri wathu amadzibaya jakisoni wowonjezera mphamvu. Adamwetsabe zigoli ziwiri, koma anthu adamukuwiza, ena akulavula pansi. Ine ndidalira, poti ndinkamukonda koopsa.

Bambo adakankha njinga ija, kumupitirira osamuyang'ana, n'kudzaima pamaso panga.

"Kwera, mwananga. Iwe wachemerera ndi mphamvu zakozako."

Mamba a nsomba ankandimata m'miyendo, bwalo lonse likundiimbira, ine nditagwiritsa chishalo, misozi ikuuma ndi mphepo.