Babu la m'chigayo mwanga

Chigayo cha pamsika wa kwathu kwa Dzoole n'changa. Mubokosi loyatsira mota muli kachipangizo kozimitsa chigayo mota ikatentha. Wamagetsi anandichenjeza kuti ndikamathira chimanga mopyola muyeso, kazizimitsa chigayocho.

Loweruka lapitali ndinathira chodzaza, kudzionetsera kwa amayi apamzere. Chigayo chinangoti zii! Manyazi atandigwira, ndinakuwa kuti, "Magetsi athawanso!"

Anachisale, amene amaphika thobwa, anayang'ana kudenga n'kundifunsa kuti, "Nanga babu ili, agogo, likuyakira palafini?"

Amayi anafa nalo phwete, ena n'kusenza matumba kupita kuchigayo cha kutsidya. Bodza ndinanenadi, sindikukana. Koma kupepesa, ine? Ayi ndithu! M'mawa mwake ndinakwera pampando n'kuchotsa babulo. Pano tikugaya mumdima, wonditsutsa palibe.