Tsiku Limene Tinadula Chipinda Pawiri

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa chosowa pogona. Kwathu ku Lungwena ndinali ndi gowelo langa kuseri kwa nyumba ya mayi, koma achemwali anga atakwatiwa, alamu anabwera kudzakhala pamudzi monga mwa mwambo wathu, ndipo malo abwino omangapo nyumba yawo anali pomwe panali gowelo langalo. Palibe amene anandithamangitsa. Alamu ankangoyeza malowo ndi mapazi ine ndikuona.

Amjomba anga, mlongo wawo wa mayi, amene ankagulitsa usipa wouma pamsika wa pa boma ku Mangochi, anandiuza kuti akudziwa mmisiri wina womanga nyumba amene ankafuna womuthandiza. Tinakumana naye Lachisanu potuluka mumzikiti. Dzina lake anali Che Bwanali, munthu wamfupi, wosakonda kuyang'ana mnzake m'maso. Funso lake loyamba linali lakuti, "Khadi la chipani uli nalo?" Nditalitulutsa m'thumba, m'pamene anandiyang'ana zikhatho n'kunena kuti ndibwere m'mawa.

Che Bwanali ankamangira munthu mmodzi yekha, a Mtalika, amene anali ndi golosale, midadada ya nyumba zalendi, komanso utcheyamani wa nthambi ya chipani m'dera lathu. Tsiku loyamba a Mtalika anandisisita phewa n'kunena kuti, "Ukagwira bwino ntchito, chipinda chimodzi chidzakhala chako. Ine ndimakonda kutukula achinyamata." Mawu amenewa ankawanena paliponse, pamaliro ngakhale paukwati, mimba ili patsogolo. Ine ndinawakhulupirira, popeza ndinali kugona m'kashedi kosungiramo matumba a laimu, ndipo ndinkadzuka nditayera ngati mbewa yogwera mu ufa.

Amene simunaonepo mdadada ukumangidwa, imvani mmene tinkachitira. Ine ndinkakumba dothi ndi khasu, kulithira madzi, kuliponda ndi mapazi mpaka lifewe, kenako kulinyamula pa wilibala ya tayala lopindika. Lina tinkaumba nalo zidina m'chikombole n'kuziyanika padzuwa, lina linali lomangira. Che Bwanali ankakoka chingwe, kuyala dothi ndi chipande, kukhazika njerwa n'kuigogoda ndi chigwiriro. Levulo yoonera ngati khoma lawongoka anali nayo, koma inkangokhala m'chikwama. Khoma loyang'ana kumsewu lokha ndilo linkamangidwa ndi njerwa zootcha n'kupakidwa laimu, kuti wodutsa pagalimoto aone chitukuko. Kumbuyo ndi m'mbali kunali zidina zokhazokha. Malata anali akale, ogulidwa kwa anthu ophwasula nyumba, ndipo ntchito yanga ina inali kumata mabowo a misomali ndi phula. Chimbudzi chinali chimodzi mdadada wonse.

Anthu ankalimbirana zipindazo. Anali anyamata ndi atsikana onga ine, ongochoka kumene pakhomo pa makolo: mphunzitsi watsopano, wosoka pa makina, wopalasa ngalawa za eni ake. Munthu wotere sayang'ana denga. Amangoona chitseko chimene angachitseke yekha, basi mtima pansi. A Mtalika ankazidziwa bwino zimenezi, ndipo nzeru zawo zonse zinathera pomwepo.

M'chipinda cha kumapeto kwa mdadada woyandikana ndi pamene tinkamanga munkakhala banja lina lochokera ku Malindi, a Yohane ndi akazi awo a Esinati. A Yohane anali mesenjala mu ofesi ina pa boma. Asanabwere kuno ankakhala kwa makolo a mkazi, m'nyumba yodzaza azilamu, ndipo chipindachi chinali nyumba yawo yoyamba. Chinali chokulirapo kuposa zinzake, khomo kutsogolo, zenera kumbuyo. A Esinati anachizira bwino pansi, anapachika nsalu pazenera, ndipo bedi lawo linali la mbawa, lokhomedwa ndi bambo awo a Yohane, amene anaphunzira ukalipentala ku mishoni. A Esinati anali oyembekezera, mimba itaonekera kale. Masana ndikamaponda dothi ankanditumizira madzi akumwa m'chikho, ndipo ankanditchula kuti achimwene ngakhale ndinali wamng'ono kwa iwo.

Tsiku lovutalo linafika m'mwezi wa Okutobala, nthawi imene ku Mangochi malata amalira ndi dzuwa. M'mawa kunabwera lole yodzatenga amayi onse a m'dera kuti akayeserere magule a msonkhano waukulu umene unkayandikira. Masiku amenewo mayi sankafunsidwa ngati akufuna. A Esinati anavala nsalu ya chipani pamwamba pa mimba yawo n'kukwera. A Yohane anali atapita kale ku ntchito. Amene analemba maina a amayi okwera loleyo anali a Mtalika omwe.

Fumbi la lole lisanathe, a Mtalika anatiitana n'kuloza chipinda cha kumapeto.

"Ichi n'chachikulu kwambiri kwa anthu awiri. Muchidule pakati. Dzuwa likamapendeka ndipeze zipinda ziwiri."

Ndinafunsa ngati eni ake akudziwa. A Mtalika sanandiyankhe ine. Anayang'ana Che Bwanali n'kunena kuti, "Mwana wanuyu amafunsa mafunso?" Che Bwanali anandipatsa nyundo ndi tchizulo kuti ndizule chokolekera loko pachitseko. Anandinong'oneza kuti, "Ife ndi amisiri. Za eni nyumba si zathu." Munthu ameneyu ankaswali mumzikiti mosadumphitsa, chipumi chinachita kuda n'kugunditsa pansi popemphera, koma pamaso pa a Mtalika ankasanduka nkhuku yonyowa.

Tinatulutsa katundu yense panja: bedi, sutikesi, mbale, mtanda wamtengo umene unali pakhoma, ndi timalaya ta mwana wosabadwayo timene a Esinati ankasoka. Che Bwanali anakoka chingwe pakati pa chipinda, pamwamba penipeni pa dothi lozira bwino lija. Maziko sitinakumbe. Njerwa tinkaziimika cham'mbali kuti zilowe zochepa, khoma lopyapyala loti ukalitsamira limagwedera. Ine ndinkathamanga ndi wilibala, thukuta likulowa m'maso, dothi likuuma pa chipande lisanafike pa njerwa. Kenako tinaboola khomo latsopano kumbuyo, pambali pa zenera. Zidina sizivuta kuboola, tchizulo imangolowa ngati mu chinangwa chophika. Felemu ndi chitseko a Mtalika anali atakonzeratu, zomwe zinandionetsa kuti nkhaniyi sanaiganize m'mawa umenewo.

Njerwa zinatha khoma litangopitirira mutu wa munthu. Che Bwanali anapempha zina kuti tifike ku denga. A Mtalika anati, "Akufuna kubisa chiyani kumwambako?" Khomalo linathera pomwepo.

Pobwezera katundu m'pamene zinaoneka bwino. Mbali ya kutsogolo, imene inatsalira banjalo, inalibe zenera. Bedi titalilowetsa, chitseko chinkagunda mwendo wake, moti munthu ankalowa chammbali. Kwa mayi wapakati, kulowa kumeneko kunali ngati kudutsa pa mpanda. Sutikesi tinaiika pamwamba pa bedi chifukwa panalibenso pena.

A Yohane ndiwo anayamba kufika, atakwera njinga ya ku ofesi. Anasuzumira pakhomo chipewa chili m'manja. Kenako anapita kwa a Mtalika, amene anakhala pampando pansi pa mtengo wa mango, n'kulankhula mwaulemu wonse.

"Bambo, mukanatiuza. Mwathyola loko mkazi wanga kulibe."

"Akazi anu ali kuti?"

"Apita ku magule."

"Ndiye mukudandaula kuti apita ku magule? Nenani bwinobwino, anthu amve."

Anthu a mumdadada amene anayamba kusonkhana anabwerera m'mbuyo mmodzimmodzi. Aliyense ankadziwa kumene mawu otere ankamufikitsa munthu. A Yohane anati sakudandaula. A Mtalika anawauza kuti abwereze, ndipo anabwereza. Kupambana kwa a Mtalika kunali kumeneko nthawi zonse: sankatha kutsutsana ndi munthu pa nkhani ya khoma kapena denga, ndiye ankathawira kuseri kwa chipani ngati mwana wobisala m'nsalu ya amake.

Lole inabwera dzuwa likadali lamphamvu. A Esinati anatsika mapazi atatupa, nkhope ili mbuu ndi fumbi. Analowa chammbali m'chipindamo, n'kutulukanso. Pamenepo a Mtalika anaimirira, anatulutsa loko watsopano m'thumba, n'kundiitana mokweza kuti onse amve.

"Ndinakulonjeza chipinda. Si icho kumbuyoko. Uziwauza anzako kuti Mtalika sanama."

Anandiika lokoyo m'dzanja ngati akundiveka mendulo. Ankayembekezera kuti ndigwada. A Esinati anandiyang'ana, osati mwaukali, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Achimwene, zenera lagwera kwanu. Muzilitsegula m'mawa, mwina kamphepo kazidumpha khomali."

Chipinda ndinkachifuna kwambiri. Chifuwa chinali chitayamba kale kundipweteka ndi fumbi la laimu, ndipo kwathu gowelo linali litagwetsedwa. Koma ndinaona mmene ndikanakhalira: ine ndekha ndi zenera, mayi wapakati akupuma movutika kuseri kwa khoma limene ndinaponda dothi lake, mawu awo onse akundipeza pamphasa. Ndinapereka lokoyo kwa Che Bwanali n'kunena kuti kushedi ndazolowera. Sindinanene zoposa apo, chifukwa nane ndinali ndi mantha ngati wina aliyense.

Kwa a Mtalika zimenezo zinali chipongwe chokwanira. M'mawa mwake Che Bwanali anandiuza, maso ali pansi, kuti ntchito yatha ndipo ndichotse mphasa yanga m'shedi. Chipinda cha kumbuyocho analowamo munthu wina sabata yomweyo. A Yohane ndi a Esinati anapirira mpaka mvula yoyamba, kenako anakweza bedi lawo pa lole ya ku Malindi n'kubwerera kwa makolo, m'nyumba yodzaza azilamu imene anaithawa. Mwana wawo anabadwira kumeneko.

Ine amjomba anandipezera kamalo kuseri kwa nyumba ya mnzawo. Ndinabwereka chikombole, ndinaumba zidina ndekha, n'kumanga kachipinda kamodzi kofolera ndi udzu. Kanali kakang'ono kuposa ka a Yohane, kopanda laimu, koma kanali ndi mazenera mbali ziwiri, ndipo mkati munkazizira ngakhale masana. Anyamata anzanga ataona anayamba kundipempha kuti ndiwamangire otero, ndipo umisiri wanga unayambira pamenepo.

Ndamanga nyumba zing'onozing'ono zambiri kuchokera nthawi imeneyo, zina za udzu, zina za malata. Kuchepa kwa nyumba si vuto, ndipo zidina si zamanyazi ngati maziko akumbidwa ndipo denga latuluka bwino kuti mvula isamenye khoma. Mnyamata akabwera kudzandifunsa za chipinda chalendi, ndimamuuza kuti asaime kumsewu. Azungulire kumbuyo akakande khoma ndi chala, alowe mkati masana dzuwa lili pamutu, atseke chitseko, aone ngati angapume. Eni midadada amabwerabe kwa ine mpaka lero, ena ovala bwino kuposa a Mtalika, kudzandipempha kuti ndiwadulire chipinda pawiri. Ndimawafunsa kuti mwa zipinda ziwirizo, iwo agona m'chiti.