Kapepala ka Che Bwanali

Ntchito yanga yoyamba ndinaipezera pakhonde pobisala mvula. Linali khonde la kasitolo kotayipa ndi kusindikiza makalata pa boma la Mangochi. Mwini wake, mayi Mtenje, atandiona ndikuthandiza munthu kutsegula imelo pafoni, anati ndibwere Lolemba.

Munali makompyuta atatu, printa ndi sikana. Choyamba kundiphunzitsa chinali adiresi ya pa intaneti, mawu aja olembedwa pamwamba pa tsamba. "Adiresi imauza kompyuta khomo loti ikagogode," anatero mayi Mtenje. "Uziyang'ana dzina lomwe lagundana ndi .com kapena .mw, ndiye mwini khomo. Zakutsogolo kwake aliyense akhoza kulemba zomwe wafuna."

Lachisanu lina, nthawi ya mapemphero a Juma kumzikiti isanakwane, kunabwera Che Bwanali, mlimi wa fodya wa ku Namwera, ndi mwana wawo Asiyatu. Pambuyo pawo panali bambo wina wa magalasi akuda, amene ankati amapezera atsikana ntchito m'mahotela akunja. Ankafuna ndisikane pasipoti ya Asiyatu, ndiitumize pa adiresi yolembedwa pakapepala.

Ndinatayipa. Tsamba linatseguka, lokongola, la zithunzi za mabedi oyala bwino. Koma dzina la hotelayo linali kutsogolo chabe. Chogundana ndi .com chinali chisakanizo cha zilembo ndi manambala chopanda tanthauzo.

"Bambo, tsamba ili si la hotela. Akukunamizani!" Ndinalankhula mokweza, anthu onse pamzere n'kutembenuka.

Wa magalasi uja sanakwiye. Anamwetulira, nawerama mpaka ndinamva mpweya wake. "Chemwali, mumakhala kuti?"

Che Bwanali nkhope inagwa. "Mwana wa dzana iwe, ukundiyesa mbuli pamaso pa anthu?" Anatsomphola pasipoti ija, onse atatu n'kuwoloka msewu kupita pa sitolo ina yotayipa. Asiyatu anacheuka kamodzi, akukonza mpango wake.

Kwa sabata yathunthu njinga yamoto ina inkaima tsidya la msewu nthawi yoweruka. Mayi Mtenje ankandiperekeza mpaka pa kabaza.

Itapita miyezi inayi Che Bwanali anabweranso, okha, ataonda. Anati Asiyatu anaimba kawiri atangofika kunjako, kenako foni yake inangoti zii. Anatulutsa kapepala kaja m'chipewa. Ndinatayipa chilembo chimodzichimodzi. Kompyuta inayankha kuti adiresiyo kulibe.

"Tayesanso, mwanangu."

Ndinayesanso kasanu. Iwo anangoyang'ana galasi loyera la kompyutayo, kenako anapinda kapepala, n'kundithokoza.

Ndinanena zoona tsiku lija, koma ndinazinena mochititsa manyazi munthu wamkulu, ndipo manyaziwo ndi amene anawawolotsa msewu. Lero ndikaona adiresi yokayikitsa ndimati printa yavuta, ndimaitanira kholo kuseri, n'kulilozera pang'onopang'ono ndi chala. Za Asiyatu sindinamvenso.