Mluzu wa M'khutu mwa Bambo

Ndikukumbukira chaka chomwe bambo anga anayamba kumva mluzu umene ena tonsefe sitinkaumva. Ndinali ndi zaka khumi, tikukhala ku Mbayani, iwo akugwira ntchito pafakitale ina ya malata ku Makata. Ankaweruka akununkha girisi, mawu atakwera ngati akuitana munthu kutsidya kwa mtsinje wa Mudi.

Loweruka lina masana anandiitana pakhonde. "Tereza, tabwera. Gunditsa khutu lako pa langali. Ukumva kanthu?"

Ndinagunditsa. Ndinangomva kutentha kwa tsaya lawo ndi ndevu zikundibaya. Koma m'maso mwawo munali mantha, ndipo ine ndinali ndisanawaonepo akuopa chinthu. Sindinafune kuti akhale okha.

"Ee, ababa, ndikumva. Kakulira kuti tswiii."

Anausa moyo. "Ndiye kuti si misala."

Bodza langalo linayenda msanga. Azakhali, mlongo wawo wa bambo, anagamula kuti ngati mwana wosalakwa wamva, amenewo si matenda. Anati ndi malemu bambo aang'ono akudandaula, poti manda awo ku Nsanje analibe chiliza. Mayi ankanena zakuchipatala, koma mawu awo anachepa. Nanga mboni sindinali ine? Alendo akabwera ankandiitana, ine n'kumabwereza, mwinanso kuthirako mchere. Tinapita kumudzi, chiliza chinamangidwa, mapemphero anachitika, koma mluzu sunasiye. Bambo anabwerera kumakina awo odulira malata makutu ali pamtunda, poti zotsekera m'makutu ankati zimangokuza mluzuwo.

Patapita zaka zitatu anatsala pang'ono kugundidwa ndi minibasi ku Limbe. Hutala sanaimve. M'pamene anavomera zokayezetsa, ndipo ndinawaperekeza ndine, chifukwa ndinali nditasanduka makutu awo.

Mayi woyeza makutu, poona kuti ndasuzumira kwambiri, anandifotokozera modekha. Anati mkati mwenimweni mwa khutu muli kanthu kopindika ngati chigoba cha nkhono, kodzadza madzi. Kachipangizo koyezera kamalowetsa mawu awiri m'khutu. Mawuwo akagwedeza madzi aja, timaubweya tamoyo ta m'menemo timawapotoza n'kubala kamawu kachitatu, komwe kamabwerera kudzera m'madzi momwemo mpaka makina akamve. Khutu lamoyo limayankha, anatero.

Anayamba ndi langa kuti ndione, ndipo pakompyuta panadzuka timizere. Kenaka anayeza bambo. Tinadikira. Kumanja kunali zii, kumanzerenso zii.

"Phokoso lakuntchito linapha timaubweyato, ndipo sitimeranso," anatero mayiyo. "Mukanabwera mluzu utangoyamba, tikanateteza totsalato."

Ndinafunsa ngati munthu wina angaumve mluzuwo. Anapukusa mutu. Anati mluzu ngati wa bambo sutuluka kunja, amaumva mwini wake yekha.

Bambo ankayang'ana milomo yathu akumwetulira. "Akuti chiyani, mwanawe?"

Ndinawafuulira kuti makutu aonongeka. Zinazo ndinameza.

Bambo anamwalira chaka chatha, ndipo mpaka lero nkhaniyi imandiluma mumtima. Ndinali mwana, inde, koma ndinkadziwa kuti sindinamve kanthu. Tsopano ndikuzindikira kuti munthu wamantha akakufunsa zoona, kumunamiza mwachifundo n'kumusiya yekha m'mavuto ake. Liwu limodzi lokha, loti sindikumva, likanawapatsa mayi mphamvu yowatengera kuchipatala nthawi ikadalipo.

Ndinalimba mtima kuti ndiulule kwa bambo ndili ndi zaka makumi awiri. Kulemba sikukanathandiza, poti sukulu sanapite nayo patali. Ndinagwada pafupi nawo n'kunena katatu, mokuwa, misozi ili chuchuchu, mpaka anthu anyumba yoyandikana nafe anatuluka. Kaya bambo anamva, sindidziwa. Anandiyang'ana, anandisisita paphewa, n'kundifunsa ngati ndadya.