Mthiko Wanga Unakwera Sitima

Tinanyamuka pa Chilomoni Lachinayi faifi koloko m'mawa, ine nkhope ili ndwii. Amati munthu akamapita ku holide amasekerera, koma ine ndinali nditaima pakhonde manja ali m'chiuno, ndikuyang'ana kagalimoto kamene mwana wathu Tadala anachita hayala kuti katifikitse ku Limbe. Buti yake inali itadzaza kale thumba langa lisanalowe.

Ndiyambe ndafotokoza chimene chinatiyendetsa. Ndili ndi kalesitilanti kumsika, ndipo ndakhala ndikuwerama pa mbaula kuyambira Tadala ali kumsana. M'mwezi wa Meyi ndinachita chizungulire n'kugwa, chipande chili m'manja. Kuchipatala anati BP yakwera moopsa, ndipo adokotala sanapsatire mawu: ndikapanda kupuma ndekha, thupi lidzandipumitsa mwa njira ina. Ndinapumadi masiku awiri, lachitatu ndinali kumsika. Tadala, amene tsopano ali pa ntchito, pofika Ogasiti anatiuza kuti tonse anayi, ine, bambo ake, iyeyo ndi mng'ono wake Yankho, tikwera sitima ya pamadzi kuchokera ku Monkey Bay mpaka ku Nkhata Bay.

"Koma amami, lamulo ndi limodzi," anatero. "Ulendo uno simugwira mthiko. Mukaphika, ndalama zanga zalowa m'madzi."

Ndinavomera ndi pakamwa pokha. Yankho anabwera ndi mndandanda wa pa foni wa zinthu zoyenera kunyamula: magalasi a dzuwa, zipewa, masilipasi, chaja, ndi mafuta odzola oteteza ku dzuwa. Mafuta a dzuwa, ine? Dzuwa la kumsika landiwotcha zaka zonsezi osandipempha chilolezo. Ndinawasiya alongeze zawozo, ine n'kuchapa thumba la fetereza. Munalowa kambaula, makala, mapoto awiri, ufa, nyemba, anyezi, botolo la mafuta, mchere ndi mthiko. Munthu ungayende bwanji masiku asanu ukudalira poto wa munthu amene sukumudziwa?

Chimene chinandidabwitsa sabata imeneyo anali bambo a kunyumba. Iwowa ndi munthu wofatsa, chipumireni ntchito ya ukalaliki amangokhala pakhonde ndi wailesi, ndipo kucheza m'makomo mwa anthu si khalidwe lawo. Koma anayamba kuvala jekete masana kupita kukatsanzika. Tsono pa Chilomoni anthu a kumpoto alipo ambiri, ndipo ukangotchula Nkhata Bay makutu onse amaima. Aliyense ankayamba ndi funso lomwelo.

"Kwagwa zovuta kodi?"

"Ayi, tikungokayenda."

"Kungokayenda basi? Ndiye kuti muli ndi malo."

A NyaManda, aphunzitsi oyandikana nawo nyumba, anabweretsa katoni ya sopo, shuga ndi bulangete la amayi awo. Mkulu wina wa kutchalitchi anabweretsa sola ndi batire yake. Mayi wina amene ndimangomudziwa nkhope anafika ndi matiresi opinda, akuti ndi a mwana wake amene ali ku sekondale yogonera konko. Ndi katundu ameneyu anadzaza buti ija.

"Masiteni, thumba ili likalowa, munthu mmodzi atsale," anatero dalaivala.

Ndinati ndilifungata pamiyendo. Iye atamva fungo la makala anakana kuti ndimudetsera mipando, choncho mbaula ndi makala zinatsala pakhomo. Zotsalazo ndinazikumbatira ngati mwana wodwala mpaka ku Limbe.

Tinafika pa dipoti sikisi koloko itangokwana, kuzizira kuli kolasa m'mafupa. Oitanira anatithamangira, wina wakoka matiresi uku, wina katoni uko, bambo akungoti, "Pang'onopang'ono, ndi za eni izo." Basi ya ku Mangochi inali K18,000 munthu mmodzi. Kondakitala anapanikiza zikwama zathu pansi pa mipando, sola anaiimika kumbuyo, kenaka anaima n'kukanda m'mutu.

"Madala, mipando yatsala folo, inunso mulipo folo. Apa chimodzi chitsale, kaya matiresi kaya thumbali."

Ine maso anapita pa matiresi, sindibisa. Bambo anatsokomola.

"Amake Tadala, mwana wa eni akagone pa simenti chifukwa cha nyemba zathu?"

Apa ndiye anandigwira pakhosi. Katundu wako ukhoza kumutaya, koma wotumizidwa sasiyidwa panjira. Ndikanalowa bwanji m'tchalitchi Lamulungu linalo? Thumba linabwerera ku Chilomoni ndi dalaivala uja. Koma lisanapite ndinapisamo dzanja ngati ndikumanga bwino, n'kusolola mthiko, n'kuukulunga m'chitenje. Palibe anaona, ndipo mtima unakhalako pansi.

Basi inanyamuka seveni koloko. Tinadutsa Njuli, Namadzi ndi Thondwe, kumene matimati anali mbwee m'mbali mwa msewu, ofiira bwino, ine n'kumangowawerengera mapoto amene ndinalibe. Pa Zomba tinaima pang'ono, phiri lili ndi nkhungu pamutu. Cha m'ma teni tinafika pa Liwonde, ndipo mawindo onse anadzaza mabeseni. Tadala anagula mazira owiritsa ndi tchipisi cha K1,500 mbale. Ndinalawa kamodzi n'kulengeza kuti mafutawo ndi a dzana. Ana anaseka, koma mbale yanga ndinaimaliza.

Pafupi nane panakhala mayi wina wonenepa bwino, wa bizinesi ya nsomba. Ataona katundu wathu anandifunsa mwaulemu ngati tikupita ku zovuta.

"Ayi, ku holide."

Anandiyang'ana kuyambira ku mpango mpaka ku nsapato. "Holide ya azungu ija? Chabwino amayi, pobwerera mudzatiuze mmene imakomera."

Titapitirira Ulongwe kunayamba kutentha, milambe ili apa ndi apo, ndipo majuzi a ku Limbe aja anavulidwa. Pa Mangochi tinafika wani koloko, tinakwera minibasi ya K5,000 munthu mmodzi, ndipo matiresi anakwera pamitu pathu. Monkey Bay tinaiona cha m'ma fili. Tinapeza zipinda ziwiri pa resitihausi ina, n'kudya kampango ndi mpunga. Mchere unachepa, koma sindinanene mokweza chifukwa Tadala ankandiyang'ana.

Lachisanu m'mawa tinalawirira kudoko. Sitimayo ndinkaimva m'nkhani chabe, ndipo nditaiona ndinagwira pakamwa: chinyumba chosanjikizana chikuyandama, fungo la dizilo ndi nsomba lili ponseponse. Kunsi kunali matumba a chimanga, malata, makireti, nkhuku m'madengu ndi mbuzi imodzi yodandaula. Ine kumeneko ndi kumene ndinamva ngati ndafika kwathu, koma Tadala anandikoka dzanja mpaka pamwamba penipeni, kumene kuli mipando ndi mphepo. Hutala ya sitima inalira. Ndinaona doko likubwerera m'mbuyo, ndipo ndinapemphera pemphero lalifupi koma lochokera pansi pa mtima.

Pasanathe maola awiri tinadziwa kuti mndandanda wa pa foni uja anaulemba munthu amene sanakumanepo ndi mwera. Mphepo inawomba, chipewa cha Yankho chinapita kukatumikira nsomba, ndipo mwini wake anagwira chitsulo cha m'mbali nkhope itasintha, magalasi a dzuwa ali pamphuno. Mayi wina wachikulire wa ku Likoma anatulutsa ndimu m'chikwama, anaidula pakati n'kumupatsa.

"Nyambita, mwanawe, ndipo uziyang'ana kutali, osati pamadzi apa. Koyamba tonse timapereka chakhumi kunyanja."

Ine m'mimba munali bwinobwino. Vuto langa linali manja. Ndinawaika pamiyendo, ndinawapinda, ndinakonza kolala ya bambo imene inali yokonzeka kale. Itakwana leveni, nthawi imene kumsika ndimakhala ndikutereka ndiwo, miyendo inanyamuka yokha. Ndinatsika masitepe potsata fungo la anyezi mpaka ndinapeza khitchini. Munali bambo wina wa epuloni yoyera, thukuta lili kamukamu.

"Mwasochera, mayi?"

"Ayi, ndimati ndikuthandizeniko kusenda anyezi. Ndi ntchito yanga imeneyi."

Anaseka mpaka kugwira m'nthiti. "Ine anandilemba ntchito yophika, inu mwalipira kuti mukhale. Mukufuna andichotse?"

Potembenuka ndinapeza Tadala ataima pa sitepe. Ndinkayembekeza kuti akalipa, koma analankhula motsitsa, maso ali ndi misozi.

"Amami, tsiku munagwa lija ndinakunyamulani ndine. Munali ozizira manja. Sindikufuna kudzakunyamulaninso."

Ndinachita manyazi, ndipo kwa nthawi yoyamba chigwereni ndinachitanso mantha. Nthawi yonseyi ndinkaona ngati kugwa kuja kunali kwanga ndekha. Ndinakwera masitepe aja mwakachetechete n'kukhala pamene anandiuza. Chakudya chitabwera, mpunga ndi nkhuku, ndinadya osatchula za mchere. Kenaka ndinafunda chitenje n'kugona masana dzuwa likuswa mtengo, chinthu chimene ndinachisiya ndili mtsikana. Chimene chinandidzutsa ndi phokoso, sitima itaima pamalo popanda doko, anthu akutsikira m'maboti ang'onoang'ono, ena akuyenda m'madzi ofika m'chiuno katundu ali pamutu. Ndinaonerera mpaka boti lomaliza, popanda wondiitana kuti kasitomala akudikira.

Loweruka kunacha bata. Nyanja inali yosalala, madzi oyera moti pafupi ndi Likoma tinkaona miyala pansi. Dzuwa linakula, ndipo bambo anaganiza zomanga chitenje kuti tipeze mthunzi. Ngodya zitatu anamangirira ku zitsulo ndi ku mpando, yachinayi inkangogwa.

"Pakanakhala kamtengo," anatero akuyang'anayang'ana.

Ndinapumira m'mwamba, ndinatsegula chikwama n'kutulutsa mthiko. Yankho anaphulika nako kuseka, Tadala anagwira kumutu, mpaka mayi wa ndimu uja anapukuta misozi. Bambo anaulandira mwaulemu ngati ndodo ya bishopu, anauzika pakati pa zikwama, ndipo mthunzi unaima. Tinakhala pansi pake tsiku lonse, tikudya nthochi ndi mtedza, tikukumbutsana za nyumba ya lendi ya ku Ndirande imene inkadontha pabedi pokha. Ndinaseka mpaka m'nthiti munawawa. Ndinali wokondwa, ndipo ndinkadziwa kuti ndili wokondwa.

Pa Nkhata Bay tinafika kutada, choncho eni katundu tinakumana nawo Lamulungu m'mawa pa resitihausi. Sola inapita, matiresi anakwera njinga yamoto, ndipo pomaliza panafika mchimwene wa a NyaManda kudzatenga katoni.

"Yewo ukongwa, amama," anathokoza m'chinenero chakwawo akundigwira dzanja ndi manja awiri. "Anthu ngati inu ndi osowa. Achemwali anandiuza pa foni kuti adadawa, amuna anuwa, anachita kuyenda khomo ndi khomo kupempha katundu woti anyamule. Akuti ankanena kuti akhale wamkuluko ndithu, wodzaza malo."

Ndinatembenuka pang'onopang'ono. Bambo anali akuyang'ana mtengo wa mango ngati sanauonepo chibadwire. Galu wamkota sakandira pachabe: jekete ija, kutsanzika kuja, chifundo chija cha mwana wogona pa simenti! Mlendo atachoka ndinawafunsa.

"Bambo a Tadala, ndiye kuti thumba langa munalichitira chiwembu?"

"Ndikanakuuzani kuti mulisiye, mukanalisiya?"

Tonse awiri yankho lake tinkalidziwa.

"Amake Tadala," anatero, "zaka twente-sikisi ndakhala ndikulankhula ndi msana wanu. Pa mbaula msana, pochapa msana, pokolopa msana. Dzulo pansi pa chitenje paja ndaona nkhope yanu tsiku lathunthu. Ndinali nditaiwala kuti mukaseka kwambiri mumatsinzina diso limodzi."

Ndinangowakonza kolala ija kachiwiri.

Tinabwerera pa basi kudzera ku Salima, ndipo musaganize kuti tinali opepukidwa: walira mvula walira matope. Aliyense amene analandira katundu anatipatsira wake wopita ku Chilomoni, ufa wa kondowole, nsomba zouma ndi mkoko wa nthochi. Thumba langa ndinalipeza kukhitchini lili chimangire, anyezi atayamba kumera.

Amene mukufuna kukwera sitima koyamba ndi banja lanu, tengani juzi ndi bulangete chifukwa pamwamba pamazizira, zitenje ziwiri, ndimu, mankhwala anu a masiku onse, ndi chipewa chokhala ndi chingwe. Mapoto asiyeni, kumeneko ophika aliko. Ine kumsika ndinabwerera, koma ndinalemba mayi wina wondithandiza, ndipo thu koloko ikakwana ndimamusiyira mthiko n'kupita kunyumba. Pakhonde panali mpando umodzi, wa bambo ndi wailesi yawo. Tsopano ilipo iwiri, ndipo wangawo sindinauyang'anitse kumsewu. Ndinauyang'anitsa kwa iwo.