Pilo Wopingasa wa m'Chipinda 14

Akulu anga agwira ntchito kuhotela zaka makumi awiri ndi zitatu, koma mutafunsa alendo onse amene anagonako, palibe angakuuzeni nkhope yawo. Sindikuwanyoza ayi, ntchito yake ndi yotero. Anzawo amawatcha a Makiyi chifukwa cha mulu wa makiyi umene umalendewera m'chiuno mwawo, koma ngakhale makiyiwo anawakulunga m'kansalu kuti asamalire akamayenda m'khonde.

Tsiku limene anayamba, mayi woyang'anira okonza zipinda anawapatsa lamulo limodzi: "Wokonza chipinda wabwino saoneka. Mlendo aziona bedi, asamaone iwe." Akulu anga, mmene alili muja, anameza mawuwo osatafuna. Mlendo akatulukira uko, iwo ankalowa m'kachipinda kosungira matawulo n'kudikira kuti adutse. Ankadziwa kuti bambo wa m'chipinda 9 amafuna mapilo awiri, kuti mayi uja wobwera mwezi ndi mwezi amayetsemula ndi mankhwala onunkhiritsa, ndipo zonse ankakonzeratu, eni ake n'kumayesa zangochitika zokha. Ngakhale kwanga akabwera kudzacheza, ndimangozindikira makatani awongoka. Ine ndine telala, diresi ndikasoka ndimafuna msewu wonse udziwe. Iwo ayi.

Ana a kusukulu ya zamahotela akabwera kudzaphunzira ntchito, onse ankaperekedwa m'manja mwa a Makiyi. Ankawaphunzitsa kupinda bedishiti pakona, kugogoda katatu asanatsegule, kugwira tambula osasiyapo chala. Pakapita zaka ziwiri ana omwewo ankabwerera atavala majekete, n'kumawaloza ndi cholembera. Ndikudziwa anayi amene lero ndi mamanijala. Ndikadandaula, akulu anga ankangoti, "Ali ndi mapepala, mng'ono wanga." Iwotu sukulu anaisiyira panjira bambo athu atamwalira, kuti ine ndipitirize. Zimenezo zimandiwawa mpaka lero.

Ndiye chaka chatha eni hotela analengeza kuti atumiza wantchito mmodzi kukaphunzira kayendetsedwe ka hotela, chaka chathunthu, kwaulere, ndipo za satifiketi ya kusekondale sayang'ana. Mmodzi yekha basi. Aa, mukanawaona akulu anga! Mzimayi wa imvi m'mutu anakagula makope awiri ndi magalasi owerengera. Kenako anafika kushopu kwanga ndi nsalu yakuda.

"Undisokere jekete," anatero, maso ali pansi ngati aba. "La m'kalasi, osati la maliro."

Ndinasoka ndi mtima wonse, mpaka ndinaikapo mabatani anga abwino amene ndinkasungira ukwati wa mwana wanga. Nditaona kuti agulanso fulemu yoikamo satifiketi ndinawaseka: "Akulu, mimba kulibe, mbereko mwagula kale?" Anaseka nane, mpaka anagwetsa misozi.

Tsiku losankha, manijala wamkulu, munthu woti wangokhalapo miyezi isanu ndi itatu, anaika bokosi patebulo pamaso pa antchito onse. Munali timapepala tija alendo amalemba akamachoka, tonena amene wawasangalatsa. Anati pofuna kuti pasakhale kukondera, asankhe ndi alendo: amene watchulidwa kwambiri ndiye apita. Anakhuthula bokosilo. Mtsikana wa pakauntala yolandirira alendo, yemwe akulu anga anamuphunzitsa ntchito atangofika, anatchulidwa kambirimbiri. Woperekera zakudya wina wanthabwala anabwera pambuyo pake. Ngakhale mlonda wa pageti anapezekamo kawiri. Mapepala oyamikira zipinda analipo mulu, kuposa ena onse. "Chipinda chaukhondo." "Sindinagonepo pabedi lotere." Koma dzina la munthu panalibe. Alendo akanalemba la ndani, poti sanamuonepo?

Manijala anayang'ana pamndandanda wa ofunsira, n'kuyang'ana akulu anga atatchena jekete lawo.

"Pepani mayi, inu muli mbali iti? Mwayamba liti kuno?"

Zaka makumi awiri ndi zitatu, anthu inu! Ndikanakhala ine, bokosilo ndikanamuveka kumutu. Iwo anangoti, "Ndili kuzipinda, bwana," n'kupita kukavula jekete.

Mtsikana anasankhidwayo sindimuda, si iye anabweretsa bokosi. Anabwera yekha kudzapepesa akulira. Koma misozi isanaume anapempha thandizo: pamayeso olowera kusukuluko pali kuyala bedi, ndipo iye anaiwala kalekale. Akulu anga anamuphunzitsanso, masiku atatu, pa nthawi yawo yopuma masana. Nditamva ndinapsa mtima. Ndinati, "Akulu, anthu akudyerani masuku pamutu zaka zonsezi, lero mukuwaweramiranso kuti afikire bwino?" Anangondiika mabatani anga m'manja, atawachotsa bwinobwino osang'amba nsalu.

Lolemba lotsatira anakonza chipinda 14 monga mwa masiku onse. Atafika pakhomo kuti azituluka, anabwerera. Anasolola bedishiti pakona, pilo n'kumusiya chopingasa, thawulo lonyowa n'kuliponya pampando. Ndipo sanakabisale kumatawulo kuja. Anamasula kansalu ka makiyi, n'kuima pakati pa khonde mpaka mlendo wa m'chipindamo anafika. Mlendoyo atalowa n'kutulukanso atakwinya nkhope, iwo anamuuza kuti akonza ndi iwo, n'kumutchulira dzina lawo momveka bwino, kawiri.

Dzuwa lisanapendeke manijala anali atawaitanitsa kuofesi. Ulendo uno sanafunse kuti ali mbali iti. Anawapatsa kalata yowachenjeza, yodinda bwino, dzina lawo lonse lili pamwamba, osalakwitsa ngakhale chilembo chimodzi.

Ntchito akugwirabe, mabedi akuyalabe mowongoka, kungoti makiyi masiku ano amalira. Makope aja anapatsa mdzukulu wanga kuti azijambulamo. Koma mukalowa m'nyumba mwawo, fulemu ija ili pakhoma, pamwamba pa wailesi, ndipo muli kalatayo. Nditaiona ndinatambasula dzanja kuti ndiitsitse.

"Akulu, zochititsa manyazi ngati izi mungapachike pabalaza?"

"Usaikhudze," anatero, atandigwira mkono mwamphamvu. "Zaka zonsezi, pepala lokhalo la kuhotela limene likuvomera kuti ndinalipo ndi limeneli."